MANJA AMENE ANAMANGA CHIHEMA CHA YEHOVA

Amayi anzanga, ambiri a ife tikamawerenga buku la Eksodo timayenda bwino kuyambira pa khanda Mose ali m'bango, miliri ya ku Aigupto, kuoloka nyanja, mana, kufikira pa Malamulo Khumi. Koma tikafika pa mutu 25 miyendo imalemera. Pamenepo payamba mikono, matabwa, zokowera, zichiri ndi zingwe, ndipo ine ndemwe ndivomere kuti zaka zambiri ndinali kungovundukula masamba amenewa msangamsanga, kufuna pamene nkhani iyambirenso. Chimene chinandibweza ndi ichi: ndinaona kuti nkhani ya chihema yalembedwa kawiri. Pa mutu 25 mpaka 31 Yehova ali kuuza Mose mamangidwe ake, ndipo pa mutu 35 mpaka 40 zomwezo zabwerezedwa, tsopano anthu ali kuzichita. Yonse pamodzi ndi mitu 13, pamene kulengedwa kwa dziko lonse kwangotenga mitu 2 ya Genesis. Pakati pa kuuzidwa ndi kumangako pali mitu itatu ya mwana wa ng'ombe wagolidi. Munthu akadumpha mitu itatuyo sangamve chifukwa chake hema ameneyu anali chinthu chachikulu chotere kwa ana a Israyeli.

Tiyambe ndi funso limene ana amafunsa: kodi akapolo oumba njerwa anachitenga kuti chuma chomangira nyumba yagolidi m'chipululu? Yankho lili pa Eksodo 3:22. Mose asanabwerere nkomwe ku Aigupto, Mulungu anamuuza kuti mkazi aliyense adzapemphe zasiliva, zagolidi ndi zobvala kwa mnansi wake wa Chiaigupto. Usiku wotuluka uja zinachitikadi. Anthu ananyamuka ndi mtanda wa mkate wosatupa pamapewa, ndi zamtengo wapatali m'mitolo mwao. Ine ndimayesa kuti amenewa anali malipiro a zaka zonse zija anagwira ntchito osalandira kanthu.

Mwezi wachitatu anafika pa phiri la Sinai. Mose anakwera, nakhala komweko masiku 40. Anthu ataona kuti wachedwa, anamzinga Aroni kuti awapangire milungu yowatsogolera. Taonani m'mene Aroni analamulira. Sanati wofuna apereke, iai. Anauza amuna kuti achotse mphete zagolidi zili m'makutu mwa akazi ao, ana ao aamuna ndi ana ao aakazi. Golidi yemwe uja wa ku Aigupto anasungunulidwa, nasanduka mwana wa ng'ombe, anthu nadya, namwa, nayamba kuvina. Nthawi yomweyo pamwamba pa phiri Yehova anali kufotokozera Mose za nyumba imene afuna kukhalamo pakati pao. Mose potsika anaphwanya magome amiyala, natentha fanolo, nalipera likhale fumbi, naliwaza pamadzi, nawamwetsa. Tsiku limenelo anafa anthu ngati 3,000.

Koma mau owawa koposa imfa imeneyo ali pa mutu 33. Yehova anati anthu apitirire ulendo, dziko adzawapatsa monga analumbirira makolo ao, mngelo adzawatsogolera, adani adzathamangitsidwa, koma Iye mwini sadzayenda nao, chifukwa ndi anthu ouma khosi, angawathe panjira. Mayi aliyense adziwa kusiyana kwa mwamuna wotumiza ndalama ali kutali ndi mwamuna wokhala pakhomo. Anthu atamva zimenezi analira maliro, nabvula zokometsera zao zonse zotsala. Masiku amenewo Mose anatenga hema wamba nakammanga kunja, kutali ndi chigono. Iye akamapita kumeneko, munthu aliyense anali kuima pakhomo pa hema wake nkumamuyang'ana kumsana kufikira atalowa. Mulungu anali atasamukira kunja kwa mudzi.

Mose anakana mphatso yopanda mwini wake. Anapempha kuti ngati Yehova sapita nao, ndi bwino asawachotse nkomwe pamalopo. Yehova anamva. Mose anasema magome ena awiri, nakhalanso paphiri masiku 40, ndipo potsika nkhope yake inali kuwala. Ndipamene tifika pa mutu 35. Tsono tikawerenga za matabwa ndi zichiri tizikumbukira kuti omangawo ndi anthu amene posachedwapa anali kuvinira fano, naika maliro a abale ao, nauzidwa kuti Mulungu sayenda nao. Chichiri chilichonse chimene anasula chinali kuwauza kuti akhululukidwa.

Mose atasonkhanitsa khamu, asanatchule ntchito, anayamba ndi Sabata: masiku 6 agwire ntchito, lachisanu ndi chiwiri apumule, osasonkha ngakhale moto. Ntchito ya Mulungu yomwe sinaloledwe kudya tsiku lopuma. Kenaka anatchula zofunika, nati apereke yekhayo amene mtima wake wafuna. Anthu anabalalika kunka ku mahema ao, ndipo anabweranso, amuna ndi akazi pamodzi, atanyamula mphete, ndolo, zibangili ndi mikanda yagolidi. Pano palibe wothothola ndolo m'khutu la mkazi wake. Akazi anabwera okha ndi zao m'manja. Zimene anabvula polira zija zinapeza ntchito. Amene anali ndi chikopa anabwera nacho, wa mtengo anabwera ndi mtengo, akuluakulu anabwera ndi miyala ya mtengo wapatali, mafuta ndi zonunkhira. M'mawa uliwonse mulu unali kukula, kufikira amisiri anasiya ntchito nakauza Mose kuti zinthu zachuluka kuposa zofunika. Mose anatumiza mau m'chigono monse kuti pasakhalenso mwamuna kapena mkazi wobwera ndi chopereka. Ine chiyambire sindinamvepo msungichuma akuimirira kuletsa anthu kupereka.

Zonsezi zinalembedwa, ndipo woyang'anira chiwerengero anali Itamara mwana wa Aroni. Monga mlembi ndimamumvera chisoni bamboyu, pakuti analibe buku lamizere ngati lathu, koma sanataye ngakhale sekeli limodzi. Golidi anakwana matalente 29 ndi masekeli 730, siliva matalente 100 ndi masekeli 1,775, mkuwa matalente 70 ndi masekeli 2,400. Talente limodzi limapitirira makilogalamu 30, kotero golidi yekha anayandikira tani yathunthu. Siliva anabwera mwa njira ina. Mwamuna aliyense wa zaka 20 ndi mphambu, onse 603,550, anapereka theka la sekeli ngati dipo la moyo wake, wolemera osaonjezera, wosauka osachepetsa. Siliva ameneyu anayengedwa nakhala matsinde 100 oimikamo matabwa ndi nsichi. Chotero nyumba yonse inakhazikika pa ndalama ya chiombolo imene munthu aliyense anapereka molingana, ndipo palibe akanaloza pansi nkunena kuti apa mpanga.

Tsono tifike pamene pali mtima wanga, pa Eksodo 35:25 ndi 26. Akazi aluso anapota ndi manja ao ulusi wamadzi, wofiirira, wofiira ndi wa bafuta wosalala, ndipo akazi ena anapota ubweya wa mbuzi. Ndi mavesi awiri okha, koma tiyeni tiwerenge ntchito yake. Denga la chihema linali la mipindi inayi. M'kati mwenimweni munali nsalu 10 za bafuta, iliyonse mikono 28 m'litali ndi mikono 4 m'lifupi, zolumikizidwa ndi zokowera 50 zagolidi. Pamwamba pake panali nsalu 11 za ubweya wa mbuzi, iliyonse mikono 30 m'litali ndi mikono 4 m'lifupi, zokowera zake zamkuwa. Mkono ndi kuyambira pa chigongono kufika ku nsonga ya chala chapakati, pafupifupi theka la mita, ndiye kuti nsalu imodzi yokha ya mbuzi inali yoposa mamita 13. Onjezerani nsalu zotchinga bwalo lonse, nsalu za pakhomo, ndi zobvala za Aroni ndi ana ake. Panalibe sitolo, panalibe makina. Ulusi uliwonse unadutsa pakati pa zala za mkazi, ali ndi mwana kumbuyo, atatola kale mana m'mamawa dzuwa lisanawasungunule. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili linatuluka m'manja ambirimbiri.

Mau amene Malembo agwiritsa ntchito pa luso la akaziwa ndi omwewo agwiritsa pa amisiri aamuna osula golidi. Sanati amuna anali ndi nzeru, akazi anangothandiza. Ubweya wa mbuzi womwewo usaoneke wonyozeka. Kufikira lero akazi a mitundu yoweta ziweto m'zipululu za kumeneko amaomba mahema akuda a ubweya wa mbuzi, ndipo mvula ikagwa ubweyawo umafufuma nkutseka timipata, madzi osalowa. Utoto wofiirira unali kuchokera ku nkhono za m'nyanja yaikulu ya Mediterranean, wofiira unali kuchokera ku tizirombo tokhala pa mitengo, ndipo zonsezi zinali za mafumu ndi anthu olemera. Kuti anthu a m'chipululu chimenecho anali kupembedzadi m'mahema zinaoneka m'chaka cha 1969, pamene Beno Rothenberg ndi anzake anakumba ku Timna, kumwera kwa dziko la Israel, pa migodi yakale ya mkuwa. Anapeza malo opembedzera okhala ndi maenje a nsichi, ndi zidutswa za nsalu yochindikala yofiira ndi yachikasu imene inali denga lake. Sichinali chihema cha Mose. Okumbawo anati chinali cha Amidyani, mtundu wa Yetero mpongozi wake wa Mose.

Pamwamba pa nsalu ziwirizo anayala zikopa za nkhosa zamphongo zonyika mu utoto wofiira, ndipo pamwamba penipeni zikopa zolimba zimene Baibulo lathu lakale linazitcha za akatumbu. Apa mpamene ndimaima nthawi zonse. Munthu wodutsa kunja anali kuona zikopa zopsa ndi dzuwa ndi fumbi basi. Nsalu zokongola zija, zokhala ndi akerubi, zinali kuonekera m'kati mokha, m'mene munali kulowa ansembe okha. Mayi amene anapota ulusi wamadzi miyezi yonseyo sanaone m'mene unakongolera atapachikidwa, nyali 7 zili kuwala pansi pake. Ndipo kuseri kwa nsalu yotchinga malo opatulikitsa kunali kulowa munthu mmodzi yekha, mkulu wa ansembe, kamodzi pa chaka, atanyamula mwazi. Akaziwa anapereka ntchito yao yabwino koposa ku malo amene maso ao sadzafikako, ndipo maina ao sanalembedwe ngakhale limodzi. Koma werengani Numeri 4. Ulendo ukayandikira, Aroni ndi ana ake anali kutsitsa nsalu yotchingayo naphimba nayo likasa, naikapo chikopa, nayalanso nsalu yamadzi pamwamba. Likasa limene munthu wamba akalikhudza anali kufa, linayenda zaka 40 litafunda ulusi wa amayi.

Pali vesi linanso lalifupi, Eksodo 38:8. Mkhate wosambiramo ansembe unapangidwa ndi akalirole a akazi amene anali kutumikira pakhomo pa chihema. Akalirole a masiku amenewo sanali agalasi. Anali mkuwa wopukutidwa mpaka kuwala, ndipo ku Aigupto kunali amisiri ake. Tiganize za mkazi wobadwira mu ukapolo amene kwa nthawi yoyamba ali ndi chinthu chakechake chodziyang'anirapo, m'dziko lamphepo ndi fumbi, ndipo alibe msika wokagula china. Anachipereka. Mkhatewo unaikidwa pakati pa guwa la nsembe ndi chihema, ndipo Aroni ndi ana ake analamulidwa kusamba manja ndi mapazi m'menemo asanalowe, kuti angafe. Ngakhale mkulu wa ansembe, ndi zobvala zake zonse zaulemerero, sakanayandikira kwa Mulungu osawerama pa akalirole a amayi aja. Likasa, gome ndi maguwa zili ndi miyeso yake yolembedwa, koma mkhate ulibe.

Kapitao wa ntchito anali Bezaleli mwana wa Uri, wa pfuko la Yuda, ndipo mnzake anali Oholiabu mwana wa Ahisama, wa pfuko la Dani, ana a Biliha mdzakazi. Bezaleli ndiye munthu woyamba wotchulidwa dzina amene Malembo akuti Mulungu anamdzaza ndi Mzimu wake, ndipo sanali mlaliki kapena mneneri, anali mmisiri wa matabwa, miyala ndi zitsulo. Awiriwa anapatsidwanso mtima wophunzitsa ena. Bezaleli sanali wa banja la ansembe, choncho likasa limene anakuta ndi golidi m'kati ndi kunja, atalipereka sanalionenso, monga akazi aja.

Mamangidwe ake mwachidule anali otere. Bwalo linali mikono 100 m'litali ndi 50 m'lifupi, chipata chimodzi chokha chakum'mawa. Wolowa anali kuyamba kukumana ndi guwa la nsembe lamkuwa, kenaka mkhate, kenaka chihema chenicheni cha matabwa 48 a mtengo wasitimu okutidwa ndi golidi. Chipinda choyamba munali gome la mikate 12, choikapo nyali chosulidwa ndi talente limodzi la golidi, ndi guwa la zofukiza. Chipinda cham'kati munali likasa lokha, m'mene munali magome a chipangano, ndi chotetezerapo pamwamba pake. Kunja mkuwa, m'kati golidi. Mpando wa wansembe munalibe. Chimene ndifuna tione ndi mphete ndi mphiko. Likasa, gome ndi maguwa onse awiri zinali ndi mphete zopisamo mitengo yonyamulira, ndipo za likasa analamula kuti mitengoyo isachotsedwe. Matabwa anali ozula, nsalu zokowetsa. Nyumba yonse inamangidwa kuti izimasulidwa ndi kusenzedwa. Mose anapempha Mulungu woyenda nao, ndipo Mulungu anadzilamulira nyumba yoyenda.

Ntchito itatha anabwera nazo zonse kwa Mose, iye naziyang'ana chimodzichimodzi, naona kuti achita monga analamulidwa, nawadalitsa. Anachiimika tsiku loyamba la mwezi woyamba wa chaka chachiwiri chitulukire m'Aigupto. Pamenepo mtambo unaphimba chihema, ulemerero wa Yehova unadzaza m'kati, kotero kuti Mose yemwe sanathe kulowa. Ndipo malo ake sanalinso kunja. Pa Numeri 2 tiwerenga kuti mafuko atatu anamanga kum'mawa, atatu kumwera, atatu kumadzulo, atatu kumpoto, Alevi pozungulira, chihema pakatikati. Mayi yemwe kale anali kuima pakhomo kuyang'ana Mose akunka kutali, tsopano akadzuka usiku ndi mwana wodwala anali kuona moto pamwamba pa denga limene iye anapota.

Tsiku la 20 la mwezi wachiwiri mtambo unanyamuka, iwo nanyamuka. Ana a Gerisoni analandira ngolo 2 ndi ng'ombe 4 zonyamulira nsalu, ana a Merari ngolo 4 ndi ng'ombe 8 za matabwa ndi matsinde, koma ana a Kohati sanalandire ngolo, chifukwa zopatulika zinali zosenza pamapewa.

Patapita zaka mazana ambiri, Yohane polemba za kubadwa kwa Ambuye Yesu pa mutu 1 vesi 14 anasankha mau a Chigriki amene tanthauzo lake ndi kumanga hema pakati pa anthu. Iye amene kunja kwake anaoneka munthu wamba wa ku Nazarete, mwana wa mmisiri, ulemerero unali m'kati. Ndipo pa imfa yake nsalu yotchinga ya m'Kachisi wa ku Yerusalemu, imene inalowa m'malo mwa ija ya m'chipululu, inang'ambika kuyambira kumwamba kufikira pansi. Kalata ya kwa Ahebri mutu 9 ndi 10 ifotokoza kuti tsopano njira yolowera m'kati ili yotseguka kwa wokhulupirira aliyense, ndi adzukulu a opota ulusi omwe.

Nanga chihema chenichenicho chinathera kuti? Atalowa m'Kanani, Yoswa anachiimika ku Silo. Kumeneko ndi kumene Hana anapemphera milomo yokha ili kugwedera, Eli namuyesa woledzera, ndipo chaka ndi chaka anali kusokera Samueli kamwinjiro nkupita nako. Komweko kunachitikanso zonyansa: ana a Eli anali kuipsa akazi otumikira pakhomo pa chihema, olowa m'malo mwa aja anapereka akalirole, ndipo atate wao anangowadzudzula ndi pakamwa. Chilango chinafika. Afilisti analanda likasa pankhondo, ana a Eli onse awiri anafa tsiku limodzi, Eli anagwa pampando nathyoka khosi, ndipo mpongozi wake pomwalira pa uchembere anatcha mwanayo Ikabodi, kunena kuti ulemerero wachoka. Likasa linakhala kwa Afilisti miyezi 7, kenaka ku Kiriati-yearimu zaka zambiri, kufikira Davide analitengera ku Yerusalemu nalimangira hema wina. Chihema cha Mose chinatsalira ku Gibeoni chopanda likasa, ndi guwa lamkuwa la Bezaleli lili patsogolo pake, ndipo pa guwa limenelo Solomo anapereka nsembe 1,000 usiku uja asanapemphe nzeru.

Davide atafuna kumanga nyumba ya mikungudza, Yehova anamuyankha mwa mneneri Natani kuti chitulutsire Israyeli m'Aigupto Iye wakhala akuyenda m'hema, ndipo sanapemphepo nyumba yotere kwa mtsogoleri aliyense. Solomo ndiye anayamba kumanga Kachisi, m'chaka cha 480 chitulukire m'Aigupto monga 1 Mafumu 6:1 anena. Tsiku lopatula Kachisiyo ansembe ndi Alevi anakwera nalo likasa, ndipo pa 1 Mafumu 8:4 tiwerenga kuti anakweranso nacho chihema chokomanako ndi zipangizo zake zonse. Nsalu zinapindidwa, matabwa anasenzedwa ulendo wotsiriza. Likasa analiika m'chipinda chake chatsopano chamiyala ndi mikungudza, koma mitengo yonyamulira ija sanaichotse, ndipo inali yaitali kotero kuti nsonga zake zinali kuoneka kwa wansembe woima m'malo opatulika.